Fibi Ali Kuti?

Dzulo mdzukulu wanga anandifunsa kalembedwe ka dzina la khanda lake. Ndinaseka mpaka kutsokomola, chifukwa ndinakumbuka mng'ono wanga.

Iye atabadwa kwathu ku Khuyu, mudzi wa pachilumba, atate anali ku Joni. Kalata yawo, yonunkha fodya, inati mwanayo akhale Phoebe. Amalume anawerenga monga timawerengera phala ndi phiri: "Pho-e-be." Pa ubatizo, ansembe achizungu atati "Fibi", tinangowamvera chisoni kuti Chinyanja chikuwavutabe.

Patapita zaka ziwiri atate anabwera, natula sutikesi pakhonde.

"Fibi wanga ali kuti?"

Amayi anaima chilili, dengu la usipa lili pamutu. "Fibi ndani? Ameneyo mukamufune ku Joni komweko!"

Ine ndinaganiza kuti tinataya mwana wina osadziwa. Ndinathamanga mpaka kumudzi wa Yofu ndikulira, kufunsa aliyense ngati waona Fibi.

Nditabwerera ndinapeza atate atagwada, akulemba pamchenga F-I-B-I kuti amayi akhulupirire kuti Fibi ndi Pho-e-be yemweyo.

"Nanga bwanji simunalembe choncho poyamba?" anatero amayi.

Atate anangokanda mutu. Mng'ono wangayo anakalamba ali Pho-e-be, ndipo pachilumba chonse atate okha ndiwo ankalakwitsa dzina lake.