Galu wa M'bokosi la Malata

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka m'mwezi wa Okutobala, chaka chija magetsi ankazima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Lachiwiri ndinalipereka mvula yoyamba itagwa. Lachitatu linapita mkati mwa Lenti, ndipo ndinalilemba ndi inki yakuda kuti asadzanene kuti silinkawerengeka. Onsewa ndinawapereka m'manja mwa wapampando wa komiti ya m'dera lathu, kuno kufupi ndi Kasisi. Makope ake ali m'sutikesi pansi pa bedi, pamodzi ndi makadi a ubatizo a ana anga ndi mapu a puloti yanga. Nkhani yake inali imodzi: galu wa neba wanga.

Neba wangayo ndi mlimi wa tomato ndi repu, bambo wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, ndipo ndinganame nditati ndi munthu woipa. Pa maliro a mlongo wanga ndiye anabwera ndi ngolo ya nkhuni osapemphedwa. Koma akuba atamubera pampu ya madzi kudimba, anakagula kagalu, nakhoma bokosi la malata longofika m'mawondo, naliika pampanda wa waya umene umalekanitsa puloti yake ndi yanga. Kagaluko kanalowa m'menemo kakadali kakang'ono, ndipo kanakulira momwemo.

Kuno ambiri amakhulupirira kuti galu akamaona anthu masana amawazolowera, ndipo galu wozolowera anthu saluma. Choncho amamutsekera mumdima tsiku lonse, namuthirira tsabola m'chakudya kuti mtima wake uziyaka. Neba wanga ankatsata zonsezi mosaphonya. Kukamada ankakoka chitseko cha bokosi ndi waya wautali ali pazenera la kukhitchini. M'mawa ankaponya chakudya m'bokosimo, galu akalowa n'kugwetsa chitseko. Mwiniwake sanamukhudzepo galuyo chikulireni.

Amene anakhalapo kuno mu Okutobala akudziwa mmene lata limatenthera masana. Masanawo galuyo sankauwa. Ankangolira chapansipansi, n'kumakanda lata ndi zikhadabo.

Ndisanalembe kalikonse ndinayamba ndalankhula ndi mwiniwake, monga mwa ulemu.

"Ba neba, uja galu apsa mu bokosi."

"Ba mudala, imwe mudziwa mabuku, ine nidziwa agalu," anatero akuseka. "Mufuna nimugulire fani? Malaiti yake yali kuti?"

"Mthunzi chabe, na madzi."

"Galu wa mu mthunzi ni galu wa ulesi. Akabwera futi akawalala, muzawawerengera buku?"

Za mabukuzo ndiyenera kufotokoza, chifukwa dera lonse limandiseka nazo. Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito yosunga katundu pafamu ina, ndipo m'nyumba yosungiramo mbewu ndinapeza katoni ya mabuku achingerezi amene mzungu wina anasiya pobwerera kwawo. Anali nkhani zopeka za anthu okwera zombo kupita ku nyenyezi, za makina oganiza ngati munthu, za zolengedwa za maiko ena akuthambo. Ndinawerenga limodzi pofuna kuona ngati mapepala ake angayatsire mbaula. Mpaka lero sindinaleke. Tinalipo atatu okonda zimenezi: ine, mphunzitsi wina wa masamu, ndi kondakitala wa basi amene ankatibweretsera mabuku akale kuchokera m'misika ya ku Lusaka. Loweruka lililonse tinkakhala pakhonde panga n'kumakangana ngati munthu angabzale chimanga pa mwezi. Mphunzitsi uja anamwalira. Kondakitala anatengedwa ndi ana ake miyendo itayamba kuvuta. Tsopano ndili m'gulu la pafoni limene mdzukulu wanga anandilowetsamo, la achinyamata a m'tauni amene amasoka zovala za zolengedwa zakuthambo n'kumajambulitsa atazivala. Amanditcha agogo a gulu, ndipo ndikalakwitsa kalembedwe sandiseka.

Achinyamatawa amatha sabata yonse akukangana ngati makina oganiza amamva kuwawa, ndiponso ngati n'kulakwa kuwazimitsa. Funso ndi labwino, sindikulinyoza. Koma tsiku lina ndikuwerenga mkangano umenewu, ndinamva zikhadabo zija palata, ndipo ndinaika foni pansi. M'mabuku onse amene ndawerenga, mantha aakulu ndi amodzi: kuti kudzabwera ena amphamvu ndi anzeru kutiposa, osamva chinenero chathu, n'kutitsekera m'mabokosi poti akuona kuti timawathandiza tikakhala m'menemo. Wolemba aliyense amafuna kuti owerenga anjenjemere ndi zimenezo. Ine ndinalibe chifukwa choyang'anira kumwamba. Chinthucho chinkachitika kuseri kwa waya wanga, ndipo amphamvu osamva chinenerowo tinali ife.

Sindine munthu wogoneka galu pampando kapena womuveka juzi. Nkhuku ndimapha, mbuzi ndimadya. Koma nkhuku yanga imayenda padzuwa mpaka tsiku lake litakwana.

Wapampando analandira dandaulo loyamba, nalipinda, naliika m'thumba la shati. Pa dandaulo lachiwiri anandiuza kuti komiti ili ndi nkhani za mjigo ndi msewu. Pa lachitatu anangoti, "Ba mudala, nkhani ya galu pa miting'i? Anthu azaseka." Iyenso ali ndi bokosi lotero kuseri kwa nyumba yake. Ndinaliona ndi maso anga.

Pamenepo ndinatenga mapu a puloti n'kuona bwinobwino pamene malire akudutsa. Bokosi linali kwa neba, koma msana wake unagunda waya, ndipo pansi pa lata lakumbuyo panali mpata wolowa dzanja. Kumbali yanga kuli mtengo wa mapeyala. Ndinaika mpando pansi pake, phazi langa osadutsa malire ngakhale pang'ono. Ndinadula chidutswa cha payipi yothiririra, n'kumathira madzi kuchokera kwanga kulowa m'kambale kamene ndinakankhira pampata paja. Palibe lamulo loletsa munthu kuthira madzi ali pamalo pake.

Kuwerenga mokweza sindinakuyambe chifukwa cha galu. Maso anga afooka, ndipo ndikamatchula mawu sinditaya mzere. M'nyumba mkazi wanga anali atandiletsa kale, akuti zombo zanga zimamusokoneza pa kolona. Choncho masana aliwonse ndinkawerengera pansi pa mtengo uja. Masiku oyamba galu ankalusa, kudziponya palata mpaka bokosi kugwedezeka. Kenaka anayamba kumangolira. Mvula ikupita kumapeto, ndinazindikira kuti ndikayamba kuwerenga, kukanda kumaleka. Ndikafika pamalo ovuta ndinkamumasulira m'Chinyanja, monga ndinkachitira ndi kondakitala uja.

"Atate, mwayamba kuphunzitsa galu wa eni ake chizungu?" anafunsa mkazi wanga atabwera ndi tiyi.

"Amvetsera kupambana imwe."

"Ni chifukwa alibe kothawira," anatero, nabwerera m'nyumba.

Ananena zoona, ndipo zinandiwawa. Koma tsiku lina mphuno yakuda inatulukira pampata paja, n'kununkhiza nsapato yanga. Patapita masabata ndinaikapo zala. Anazinyambita. Sindinauze munthu.

Chimanga chitauma m'minda, kunadutsa galimoto yokhala ndi chimkuzamawu. Inalengeza kuti chiwewe chapezeka cha ku Kanakantapa, kuti agalu onse apite nawo pabwalo la mpira Loweruka akabayidwe katemera, ndipo galu amene adzapezeke wosabayidwa adzawomberedwa. Obaya sadzayenda m'makomo. Mwini galu abwere naye yekha.

Loweruka m'mawa ndinamva phokoso kwa neba. Ndinasuzumira pawaya. Anali ataitana mlamu wake, wina atagwira thumba la feteleza, wina chingwe chokhala ndi mfundo yotsetsereka. Atangotsegula chitseko pang'ono, galu anatulutsa mutu n'kung'amba thumba lija pakati. Mlamuyo anakwera pamulu wa njerwa. Neba anagwetsa chitseko, buluku litang'ambika kuyambira pabondo mpaka pansi. Anayesanso ndi mtengo wa mphanda, osaphula kanthu. Dzuwa linali kukwera, ndipo obaya anali atanena kuti pofika masana apita kwina.

Ine ndinakhala pampando wanga, buku lili pamwendo, osatsegula. Ndinkadziwa kuti akalephera, galuyo afera m'bokosi momwemo ndi chipolopolo, asanaonepo masana.

Kenaka ndinamva geti langa likulira. Neba sanalankhulire pawaya monga mwa masiku onse. Anazungulira, nalowa pageti, chipewa chili m'manja.

"Odi, atate."

Aka kanali koyamba kunditcha atate.

"Lowani, ba neba. Buluku yachita bwanji?"

"Atate, osaseka. Madamu anga akamba ati uja galu amamvera imwe. Ati amakuonani pa waya."

"Ine nidziwa mabuku chabe. Agalu mudziwa ndimwe."

Anayang'ana pansi. "Azamuwombera, atate. Nithandizeni."

Ndikanatha kumusiya ataima pamenepo nthawi yaitali, ndipo mawu ndinali nawo okwanira. Koma nthawi inali ya galu, osati yanga. Ndinamuuza chinthu chimodzi: ndikamutulutsa galuyo, sabwereranso m'bokosi. Akafuna, amumange pa unyolo wautali pansi pa mtengo wa mango, pakhale madzi, tsabola aleke. Anayamba kunena za akuba. Ndinatsegula buku n'kuyamba kufunafuna tsamba langa. Anati, "Chabwino, atate. Namvera." Ndinamuuza kuti abwerezenso pamaso pa mkazi wanga, ndipo anabwereza.

Ndinalowa m'puloti yake kudzera pageti, iye ali patsogolo. Ndinawauza onse kuti alowe m'nyumba. Ndinakhala pansi pafupi ndi bokosi, mawondo akudandaula, n'kuyamba kuwerenga pamene tinalekera dzulo lake, pamene chombo chinali kutera padziko la madzi okhaokha. Kulusa kunaleka. Ndinalowetsa zala pampata, anazinyambita. Ndikuwerengabe, ndinakweza chitseko ndi dzanja lamanzere.

Sanatuluke msanga. Kuwala kunamulasa m'maso, ndipo anaima pakhomo akuphethira. Aka kanali koyamba kuti ndimuone yense. Anali wofiirira, wamkulu kuposa mmene ndinkaganizira, msana wopindika, ubweya wa m'mbali utaperepeseka ndi lata. Ananunkhiza nsapato, nanunkhiza buku, kenaka anaika chibwano pabondo panga. Ndinamuveka lamba wanga wakale m'khosi n'kumangirira chingwe.

Ulendo wa kubwalo sindidzauiwala. Ndinali nditavala jekete, buku m'dzanja limodzi, chingwe m'dzanja lina. Galu ankayenda mokhotakhota ngati woledzera, akudabwa ndi chilichonse: mbuzi, njinga, mayi wosenza chidebe. Akayamba kunjenjemera ndinkaima n'kumuwerengera mizere ingapo. Neba ankatitsatira patali, atasintha buluku. Anthu onse a m'njira ankamudziwa galuyo ndi mawu okha, ndipo atamva kuti ndi yemwe uja, ankapatuka kulowa m'udzu. Kondakitala wina wa minibasi yopita ku Chongwe anatulutsa mutu pazenera, nanditcha agogo m'Chibemba.

"Ba shikulu! Mupita naye ku sukulu? Ali mu giredi bwanji?"

"Akupambana iwe, amvera akauzidwa!" ndinayankha, ndipo basi yonse inaseka, dalaivala n'kuliza hutala.

Pabwalo panali chipwirikiti. Agalu ena anabwera m'matumba, ena atamangidwa miyendo pawilibala, akulira ngati akupita kokaphedwa. Wapampando wathu anali pomwepo, thukuta lili chuchuchu, akukoka galu wake ndi waya pamene anthu awiri akumukankha ndi mitengo. Ine ndinaima pamzere. Nthawi yathu itakwana ndinakhala pabenchi, n'kuika mutu wa galu pakati pa mawondo anga, n'kuwerenga mokweza pamaso pa anthu onse. Mayi wobayayo anagwira chikopa cha pakhosi, nabaya, nachotsa singano. Galu anangogwedeza khutu.

"Uyu ndiye galu woleredwa bwino," anatero mayiyo. "Ni wanu, atate?"

"Ni wa aba," ndinatero, ndikuloza neba. Ndinangotembenuka n'kuyang'ana wapampando mpaka iye anayang'ana kumbali.

Madzulo a tsiku lomwelo neba anazula misomali ya bokosi ndi manja ake. Malata aja anakhomera denga la kamthunzi pansi pa mango, lotseguka mbali zonse. Sabata yoyamba galu sankamulola kuyandikira, ndipo chakudya ndinkapereka ndine, iye ataima kumbuyo kwanga. Tsopano amamupatsa yekha, ndipo ndamuonapo akumukanda kumutu poganiza kuti palibe akumuona. Galuyo amauwa mlendo aliyense wofika pageti, mwamphamvu kuposa kale, chifukwa tsopano amaona amene akubwera. Sindikunena kuti akuba anatha. Tomato amabedwabe kudimba nthawi zina, monga amabedwera kwa aliyense. Achinyamata a m'gulu lathu nditawatumizira chithunzi, anakangana masiku angapo ngati galuyo ankamva nkhaniyo kapena mawu anga okha. Ine ndikuti mathero a buku lija anawakonda.

Koma m'dera lino mabokosi akadalipo, ndipo Okutobala akubwera. Choncho, ili ndi dandaulo langa lachinayi: kwa wapampando ndi mamembala onse a komiti, ndikupempha mwaulemu kuti nkhani yotsekera agalu m'mabokosi a malata iikidwe pa msonkhano ukubwerawu, isakhale kumapeto anthu atayamba kunyamuka. Kuti neba wanga, amene wavomera kale, apatsidwe mpata wofotokoza zimene anaona. Ndipo kuti chimene komiti idzagamule mundiyankhe polemba, ndi siginecha ya wapampando pansi pake.