Mpando wa Achemwali

Alamu anga, amuna a malemu achemwali anga, ndi telala, ndipo mpaka lero sadziwa kuyendetsa galimoto. Njinga yomwe amaiopa. Chiwongolero chinali cha achemwali. Iwo ndi amene anagula galimotoyo atayamba ntchito ya unamwino, kagalimoto kabuluu kokhala ndi chitseko chofuna kuchimenya ndi phewa kuti chitseguke. Kuyambira pamenepo alamu anakhala munthu wa mpando wa pambali. Anzawo a pakhonde la sitolo pomwe amasokera anawapatsa dzina loti Apasinjala, iwo n'kumangoseka.

"Mukunena ine, mwini dalaivala? Inuyo si uja mumathamangira basi, malilime ali panja?"

Achemwali anali aafupi. Mpando ankaukokera kutsogolo mpaka pothera, komabe msewu ankauonera m'mipata ya chiwongolero. Alamu anawasokera khushoni ya zidutswa za nsalu zotsala, kachidutswa ka suti apa, ka diresi la munthu apo. M'mawa achemwali ankawatsitsa pakhonde paja, madzulo n'kudzawatenga, akukangana njira yonse. Pakona iliyonse alamu ankaponda pansi mwamphamvu ngati pali buleki, achemwali n'kumati, "Bambo a ana, pondani yanuyo, ine ndiponda yanga."

Tsiku la ngozi analinso limodzi. Lole yoduka mabuleki inawagunda kumbuyo pamtsetse, galimoto n'kugwera m'ngalande. Alamu anatuluka ndi kabala pachipumi basi. Achemwali anamenyetsa mutu, ndipo anamwalira m'chipatala chomwe ankagwiramo ntchito, anzawo atawazungulira.

Maliro atatha panatsala za mapepala. A inshuwalansi ananena mosapita m'mbali kuti popanda lipoti la apolisi lofotokoza ngoziyo sangachite kanthu, ndipo tikachedwa adzatseka fayilo. Ana awiri anali pasukulu, ndipo makina osokera okha sakanawaphunzitsa. A inshuwalansiwo anatiuzanso kuti galimotoyo ikhala kuseri kwa polisi mpaka lipoti litatengedwa, kenako iwo adzaikoka. Zimenezo zinangolowera khutu ili n'kutulukira linali.

"Lipotilo ndikatenga ndekha, mlamu," anatero alamu. "Ndinalimo ndine."

Masana aliwonse ankavindikira makina, kuvala jekete, ulendo wa ku polisi. Pobwera ankabwera chimanjamanja. Lero bwana wosaina kulibe. Mawa chidindo achitsekera mu ofesi ya wina amene ali patchuthi. Mkuja makina osindikizira afa. Ndani akanakayika? Tonse tinakhalapo pa mabenchi a m'maofesi mpaka msana kuuma. Mvula inabwera n'kupita, a inshuwalansi akungondiimbira ine foni.

Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo sindibisa. Tsiku lina ndinapempha kuchoka msanga kuntchito, n'kupita ku polisi konko mawu nditawanola kale. Pakauntala ya za pamsewu ndinapeza wapolisi wamkazi wachikulire, magalasi ali pamphuno.

"Mayi, chisoni muli nacho inu? Munthu wafedwa, mukumuyendetsa ngati galu wosokera! Kapepala kamodzi kokha?"

Anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenako anafunsa nambala ya galimoto, n'kutulutsa envelopu m'dirowa. M'makona mwake munali mutada ndi fumbi.

"Lipoti linatha kalekale, mayi. Kwangotsala kuti bambowo asaine kuti alandira."

"Nanga tsiku lililonse amadzatani kuno?"

"Tsiku loyamba anandifunsa kuti akasaina galimoto ichoka liti. Nditawauza kuti mawa lake, anandibwezera cholembera. Bwerani muone."

Anandidutsitsa pakakhomo ka kumbuyo. Pabwalopo panali magalimoto ophwanyika ali mbwee, ena udzu utamera m'matayala. Kabuluu kaja kanali pakona, pafupi ndi mpanda. Pomwe panali galasi la kumbuyo panali pepala la pulasitiki, lopindidwa m'mbali ndi kusokedwa bwinobwino, msoko wowongoka wa telala. Alamu anali pampando wawo wa pambali, jekete ataipinda pamwendo, akuyang'ana kutsogolo komwe kunali khoma lokhalokha.

Mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo. Ndinagogoda pazenera.

"Alamu."

"Mwandipeza, mlamu."

"Ana, alamu. Atseka fayilo anthu aja."

"Ndikudziwa." Anasalaza jekete pamwendo. "Kunyumba munatsuka zonse, zovala munagawa, bedi munalisuntha. Sindikukudandaulani, munachita bwino. Koma muno mokha ndi momwe zinthu zili mmene anazisiyira yekha. Taonani."

Ndinaona. Mpando wa dalaivala unali kutsogolo mpaka pothera. Khushoni ija inali pomwepo, itaphwatalala pakati. Kagalasi koonera kumbuyo kanali kopendekera pansi, pa msinkhu wa munthu mmodzi yekha padziko lapansi. Ndinalira ngati mwana, wapolisi uja n'kutembenuka kumayang'ana kwina.

Sindinawakakamize. Anatuluka okha, kutseka chitseko pang'onopang'ono, n'kukasaina. Lipotilo sanaliwerenge. Anandipatsa ine, ndipo ndinakalipereka tsiku lomwelo.

Mawa lake tinapitanso limodzi kuti tikaione ikuchoka. Dalaivala wa galimoto yokoka anali bambo wamtali, waulemu, ndipo anatipepesa asanayambe ntchito. Anakoleka tcheni, n'kunena kuti ayenera kulowa kuti awongole matayala. Anakoka chitseko kangapo, chikukana.

"Chimenyeni ndi phewa," anatero alamu.

Chinatseguka. Bamboyo anayesa kulowa, maondo n'kukanika. Anachotsa khushoni n'kuiponya pansi, n'kupisa dzanja kunsi kwa mpando. Mpando unabwerera kumbuyo, khwaa! Atakhala, anakwezanso kagalasi kaja, mmene amachitira dalaivala aliyense. Sanalakwe chilichonse munthuyo, ankagwira ntchito yake. Koma ndinamva alamu akubuula ngati awaponda pachilonda, ndipo ndinawagwira mkono kuti asagwe.

Anawerama n'kutola khushoni, kuisasa fumbi, n'kuikumbatira pachifuwa. Tinaima pomwepo mpaka kabuluu kanatuluka pageti, pulasitiki ija ikukupiza kumbuyo.

Titafika pamsewu anayang'ana uku ndi uku nthawi yaitali. Masiku onse aja ankabwera wapansi, koma lero miyendo inali itawathera.

"Mlamu," anatero, "basi ya kwathu imaima pati? Ine sindidziwa."