Magalasi a Tadala

Mwaswera bwanji nonse?

Lero kusukulu kwa Tadala wathu ku Nsipe kunabwera anthu oyeza maso. Ana ambiri m'kalasi mwake apezeka kuti saona bwino zapatali, iyenso ali m'gulu lomwelo. Akuti za pabolodi ankangokopera kwa mnzake, chonsecho mnzakeyo naye saona!

Azakhali a ku Manjawira, mumukhululukire mwanayu. Tsiku lija anakudutsani pamsika osapereka moni, sichinali chipongwe ayi, sanakuoneni.

Ndiye amupatsa magalasi, wabwera atavala. Atangolowa pampanda wawayang'anitsitsa bambo ake ali pakhonde, n'kufuula kuti, "Adadi! Imvi zonsezi ndi zanu? Zayamba liti?"

Pano bambo ake akwiya, akuti magalasiwo ndi onama, abwezedwe mawa m'mamawa. Inu mukuti bwanji, tikabwezedi?