Nsungwi za Kumanda

Nsungwi zikamakhulana ndi mphepo zimalira ngati chitseko chakale: kwiii, kenako zii, kenako kwiii. Kulira kumeneko ndinakumva bwino masana ena a mwezi wa Okutobala, nditaima ndekha m'manda a kwathu kufupi ndi Mbulumbuzi, chikwanje chili m'manja. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Chinandipititsa kumeneko ndi nkhuku. Anganga amene anandilera, mayi a malemu mayi anga, anali ndi thadzi limodzi ndi anapiye khumi ndi mmodzi. Kabawi anatola anayi m'sabata imodzi. Khola logona tinali nalo, koma masana nkhuku zinkayenda pamtetete. Ndinaganiza zomanga mpanda kuzungulira kholalo n'kuphimba pamwamba. Waya wa kusitolo sitikanamukwanitsa. Ndinapeza neti yakale ya udzudzu, mitengo youma ya nandolo, ndi linya amene anandipatsa munthu wokonza njinga za kabaza. Zinkasowa nsichi zokha. Kwathu mitengo inatha kalekale. Ukaona nkhalango yatsala pakati pa minda, umadziwa kuti ndi manda.

Kumanda munthu salowa yekha. Amayamba kulowa ndi adzukulu, anthu okumba manda, ndipo mtengo wa kumeneko sudulidwa popanda iwo. Chilango chimene anthu ankaopa sichinali chindapusa. Chinali chakuti tsiku la maliro a pakhomo panu adzukulu amangokhala pansi, makasu ali pambali. Anganga ankatsokomola kuyambira nyengo yozizira, ndipo pakhomo panalibenso wamkulu wina. Zonsezi ndinkazidziwa, koma ndinalowabe.

Ndinadula nsungwi zisanu ndi imodzi, osayang'ana mbali imene kuli mtumbira wa mayi. Ndinaika chikwanje pansi kuti ndimange mtolo. Pomwepo ndinamva masamba ouma akuswanyika ngati wina akubwera pang'onopang'ono. Ndinasenza mtolo n'kuthawa kudzera m'mizere ya minda. Ndinakumbukira chikwanje nditafika kale kuseri kwa nyumba. Chinali cha malemu agogo aamuna, chigwiriro chake chokulungidwa ndi waya wofiira, ndipo mudzi wonse unkachidziwa.

Nsungwi za kumanda kwathu n'zachikasu, zamizere yobiriwira. Kwina kulikonse m'mudzimo kunalibe zoterozo. Ndiye nditazizika ndinazimata matope kuchokera pansi mpaka kumsonga. Ndinapingasa mitengo ya nandolo, kumanga ndi linya, kuyala neti pamwamba, n'kusoka malo ong'ambika. Anapiye analowa, ndipo kabawi anazungulira masiku awiri n'kuleka.

Anganga maso anali atayamba kuchita khungu. Anabwera ndi ndodo yawo kudzaona ntchito yanga ndi manja.

"Nsichizi wazitenga kuti, iwe?"

"Kudambo, anganga."

"Dambo lake liti la nsungwi? Kapena lamera dzulo?"

Anaseka, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa. Atapuma anakanda nsichi imodzi ndi chikhadabo. Sanandifunsenso. Madzulo ake sanadye.

Mvula yoyamba inagwa patapita sabata. Inagwa masana, yamphamvu, ine ndili pakhonde kuonerera matope akutsika pansichi zija. Itakata, nsungwi zinali mbee, zachikasu, zoonekera kunjira imene amayi amadutsa popita kumjigo. Ena anachepetsa liwiro. Mmodzi anaima ndithu, ndowa ili pamutu.

M'mawa mwake kunabwera mkulu wa adzukulu, bambo wamtali amene anakumba manda a mayi anga. Ananyamula thumba la feteleza lopinda kukhwapa. Adzukulu amaloledwa kuseleula aliyense, ndipo anayambira panjira pomwe.

"Anganga, mukadalipo? Ife makasu tinanola kale."

"Choka iwe," anayankha anganga ali pamkeka. "Udzatsogola ndiwe. Nyemba za pamaliro ako ndidzadya mbale ziwiri."

"Ndi mano ake ati?"

Anaseka onse awiri. Bambo aja anazungulira kuseri kwa nyumba, ine ndikuwatsata. Anayenda mpanda wonse pang'onopang'ono, akugwira nsichi iliyonse. Anapiye ankalira m'kati.

"Wamanga bwino, mphwanga," anatero motsitsa mawu. "Kabawi apa sapezapo kanthu."

Kenako analoza nsichi zija.

"Zisanu ndi imodzi. Zitsa zake ndinaziwerenga tsiku lomwe lija." Anandiyang'ana. "Anzanga ayamba kumva za kumjigo. Akabwera kudzaona okha, ine sindidzatha kuwadzutsa pansi tsiku lijalo." Analoza ndi mutu kumene kunkachokera chifuwa cha anganga. "Wandimva?"

"Ndamva, bambo."

"Uzule lero. Mawa dzuwa likamatuluka undipeze panjira ya kumanda ndi mtolo wako. Usakalowe wekha."

"Nanga anapiyewa?"

Anayang'ana kumwamba. Kabawi anali atabwerera, akuyandama pamwamba pa munda wa nandolo, osakupiza mapiko.

"Thadzi lidzaswa ena," anatero.

Anafunyulula thumba lija n'kutulutsa chikwanje. Chinali chitachita dzimbiri ndi mvula kumanda komwe ndinachisiya, waya wofiira uja ali pomwepo. Anandipatsa chogwirira chili kwa ine, n'kutulukira njira ya kumunda osatsanzika anganga.