Nkhope ya bambo anga pakhoma la tchalitchi

Tchalitchi chathu ndi chaching'ono, chili pakaphiri pamwamba pa Lwendulu, komboni ya antchito a mumgodi wa malasha. Anachimanga ndi azibambo athu ochokera ku Malawi, ankati akaweruka ku mgodi n'kumasenza miyala kukwera nayo. Mmodzi mwa iwo anajambula Mgonero wa Ambuye pakhoma la kuguwa. Penti analibe, anangosakaniza katondo, njereza ndi makala, ndipo atumwi anawapatsa nkhope za anzake a pashifiti. Wachitatu kuchokera kumanzere anali bambo anga, ndi chipsera chawo cha pachipumi.

Bambo anatsalira pansi mgodi wa Kamandama utaphulika mu 1972, ine ndili kamtsikana. Manda alibe, chithunzi chawo tinalibe. Ndikawasowa ndinkakwera phiri.

Kuno fumbi la malasha limalowa paliponse, ndiye tinazolowera kukwecha chilichonse. Koma khoma lija amayi anatiphunzitsa kulipukuta ndi nthenga za nkhuku basi, madzi ayi. Ana anga sindinawauzepo. Ndinkati alipo wosadziwa zimenezi?

Mu 2008, sopo atasowa m'masitolo, mwana wanga wamkazi woyamba anabwera ndi mitanda iwiri kuchokera ku Zambia. Tinkayembekezera ambuye bishopu, ine ndili gone ndi bondo. Mwanayo anati mtanda umodzi aupereka kwa Mulungu. Loweruka anakwera ndi anzake a kwaya, atanyamula ndowa ndi bulashi kukatsuka m'tchalitchi.

Lamulungu ndinakwera ndi ndodo. Atumwi asanu panalibe, mizere yofiira yokhayokha itatsikira pansi. Pa bambo panatsala dzanja lokha, litagwira mkate.

Ndinamukalipira panja pomwepo anthu akuona. Iye ankayankha m'Chindebele, chilankhulo cha kuno, kuti ankafuna agogo ake aoneke oyera pamaso pa alendo, ndipo ataona utoto ukusungunuka analeka. Kenaka anatembenukira ku Chichewa. "Nanga amayi, inu munandiuza liti?"

Tsiku limenelo sindinalandire Ukaristia, mtima unali ukuwira.

Mwanayo anakapeza bambo wina wolemba zikwangwani za masitolo kuti abwezeretse nkhopezo. Bamboyo anandifunsa maonekedwe a malemu bambo anga. Ndinatchula chipsera. Nanga maso, nanga mphuno? Zaka zonsezo ndikuwayang'ana, ndinalephera kufotokoza. Amene anatuluka pakhomapo ndi mlendo, ngakhale chipsera ali nacho, ndipo mpaka lero ndikamuona chimandibaya.

Dzanja lija ndinapempha wolemba zikwangwaniyo kuti asalikhudze, ndipo ndimathokoza Mulungu kuti anandisiyirako. Mwanayo ndinakwera naye tsiku lina, n'kumupatsa nthenga m'manja. Pano amene amalipukuta ndi iyeyo.