Sitampa ya mkazi woimirira m'chigoba

Ndinaganiza zochoka tsiku limene kapitawo anakhuthulira pansi dengu langa la tiyi, ati ndathyola masamba okhwima. Sindinakwiye. Ndinatola masambawo, ndinamaliza mzere wanga, ndipo nditafika kunyumba ndinauza mkazi wanga Esinati kuti ndikupita ku Halale. Ankasenda chinangwa. Anangofunsa kuti, "Zaka zingati?" Ndinati ziwiri. Munali mu 1953, mwana wathu Filipo akukwawa.

Ndinakhalako zisanu ndi chimodzi.

Ntchito ndinaipeza kwa mzungu wina wokalamba wa ku Italiya, womanga nyumba. Ndinkaphika, kuchapa ndi kusita. Lamlungu masana kunali kantchito kena: mkuluyo ankasunga masitampa, ndipo abale ake ankamutumizira ambirimbiri. Ine ndinkaviika maenivelopu m'madzi ofunda, sitampa ikamatuka yokha ndinkaiyanika pansalu n'kuipsinja ndi buku. Ankati zala zothyola tiyi n'zofatsa kuposa zake.

Kwathu sitampa tinkaidziwa ya mtundu umodzi, ya mutu wa Mfumu kapena Mfumukazi, munthu weniweni woti akudya ndi kugona kwinakwake. Izi zinali zina. Panali ng'ombe yamphongo ikusambira itabereka mtsikana. Panali amuna a miyendo ya mbuzi. Panalinso mkazi wosavala, tsitsi lofika m'mawondo, ataimirira m'chigoba chachikulu cha nkhono pamadzi. Bwanayo anandiuza kuti ndi zithunzi zimene anthu akwawo anajambula kalekale, za milungu yawo yamakedzana. "Sanakhaleko ameneyu," anatero, akuloza mkazi wa m'chigobayo. Ine ndinangoti, "Inde bwana."

Kulemba sindinkadziwa, kupatula keyala ya kumudzi imene ndinkaikopera chilembo chimodzichimodzi. Makalata ankandilembera Lapukeni, mnzanga wa ku Phalombe, wosamalira maluwa kunyumba yoyandikana nafe. Mawu ake anali omwewo nthawi zonse: ndili bwino, ndatumiza kangachepe, mundipatsire moni amayi. Zoti kuchipinda kwanga kuseri kwa galaja ndinkatha sabata osamva munthu akutchula dzina langa, sindinkamuuza kuti alembe. Ungazinene bwanji pakamwa pa mwamuna mnzako?

Chaka chachitatu Lapukeni anapita ku Joni. Mwezi womwewo ndinang'amba mwangozi mano awiri a sitampa ya mkazi wa m'chigoba uja, bwana n'kundiuza kuti nditaye. Sindinataye. Madzi a pachithunzipo anandikumbutsa dziwe la ku Likhubula kumene ndinamuonera Esinati koyamba akuchapa. Ndinaiika mu enivelopu yokhayokha, popanda kalata, poti wolemba panalibe. Ndinakopera keyala, kumata ya Mfumukazi kunja, n'kukaponya. Ndinkati aone kanthu kokongola.

Yankho silinabwere. Patapita nthawi ndinapeza wina wondilembera, koma kunali zii. Sindinganame kuti ndinalira. Ndinkadzuka, kukoleza mbaula, kusita malaya. Ndalama ndinaleka kutumiza chifukwa sindinkadziwa ngati zikufika. Mtima unangouma ngati phazi la munthu woyenda wopanda nsapato, ndipo zaka zitatu zinadutsa chomwecho.

Bwana atabwerera kwawo mu 1959, nanenso ndinakwera sitima. Ndinatsika pa Luchenza, lole n'kundisiya pa Chitakale. Ndinalowa m'mudzi masana, sutikesi pamutu. Pakhonde pa nyumba imene ndinamanga ndi manja anga panali njinga ya munthu wina.

Amene anandilandira ndi atsibweni ake a Esinati, a Namakhwa, omwe anali ankhoswe athu. Anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa peyala, osati pakhonde. Pomwepo ndinadziwa.

"Mwatipeza, achimwene," anatero. "Koma mwabwera kudzatani, poti munasudzula kale?"

Ndinati sindinasudzule munthu ine.

A Namakhwa anayankha kuti, "Mwamuna akapereka kanthu popanda mawu, kaya ndi singano kaya ndi khobidi, kuno timati chiyani? Inu munatumiza mkazi wamaliseche. Tinakaonetsa akulu a mpingo, tinakaonetsa ankhoswe akwanu. Onse anati mwapeza wina, ndipo mwatisonyeza nkhope yake. Tinadikira chaka chathunthu. Makalata anu ena anabwera Esinati atakwatiwa kale ndi mwamuna wina, ndiye ndinawasunga ine osatsegula."

Ndinafuna kufotokoza za ng'ombe yosambira, za milungu yamakedzana, za Lapukeni. Koma ndinaona kuti nkhani yake ndi yaitali ndipo sibweza kanthu. Madzi akatayika saoleka.

Esinati anabwera atabereka khanda kumbuyo. Anagwada chapatali monga amachitira kwa mlendo, n'kundipatsa moni. Filipo anali kusukulu, ndipo ndinamva kuti amalembedwa dzina la bambo winayo. Kenako Esinati anatsegula buku la nyimbo, natulutsa sitampa ija.

"Tengani, ndi yanu. Ndinkasunga ngati umboni."

Ndinailandira ndi manja awiri. Mano awiri aja anali ong'ambika pomwe paja. Koma mkaziyo tsopano anali atavala: wina anamujambulira chilundu ndi inki yakuda, kuyambira m'khwapa mpaka m'mapazi, mosamala, osadutsa m'mphepete.

"Ndinamuveka ndine," anatero Esinati. "Ndinkamva naye manyazi pamaso pa azibambo." Anakonza khanda kumsana, n'kufunsa motsitsa mawu, mopanda mkwiyo, "Nanga mwawasiya bwanji amayiwo? Ali bwino?"

Ndinayang'ana njinga ija, ndinayang'ana khandalo likuyamwa chala.

"Ali bwino," ndinatero.