Ndinkati vuto ndi kamera

Chizindikiro choyamba ndinachiona Lachinayi, kutatsala masiku awiri kuti tipite kukaona maluwa a tulipu. Ndinali kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, ndikuyala bedi. Pansalu yoyera ija ndinaona timadontho takuda tikuyandama ngati tizilombo. Ndinakupiza dzanja kuti tichoke, koma tinkangotsata kumene ndayang'ana. Poweruka, ndikutsika basi ku Woolwich, kuno ku London, china chake chinang'anima m'mbali mwa diso lakumanja ngati chiphaliwali. Ndinati ndi kutopa chabe.

Ulendowo unali wa amayi a kumpingo kwathu, ndipo tinali titaukonza kuyambira mu Januwale. Maluwa amenewa amangokhala milungu yochepa mu Epulo, kenako amayoyoka. Kumpingo ndine amene ndimajambula zithunzi, kaya ndi paubatizo kaya paukwati, choncho aliyense ankadalira ine. Kamera yanga ndi yakale, ya kabowo koyang'anira. Pojambula umatsinzina diso limodzi, linalo n'kuliika pakabowopo.

Loweruka tinanyamuka mochedwa chifukwa chodikirira anthu. Pamsewu wotulukira mu London panali mdipiti wa galimoto, ndipo tinafika kumunda wa maluwawo nthawi yathu yolowera itapita kale. Kunali kamvula kowaza, pansi pali matope, anthu ali piringupiringu. Koma maluwawo anali okongola ndithu: mizere yowongoka, yofiira, yachikasu, yoyera, mpaka kumapeto kwa munda. Amayi anavula majekete kuti zitenje zioneke, akunjenjemera ndi kuzizira. Wina anakuwa kuti, "Mayi Banda, mundijambule bwino, izi zikupita kumudzi! Akaone kuti kuno sitingosambitsa nkhalamba ayi."

Ndinatsinzina diso lakumanzere, n'kuika lakumanja pakamera. Kumunsi kwa chithunzi kunali mdima, ngati wina wathiramo madzi akuda. Mitu ya amayi ndinkaiona, koma mapazi awo ndi maluwa a kutsogolo kwawo kunalibe. Ndinapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje. Ndikatsegula maso onse awiri, munda unkaoneka bwino. Ndikabwerera pakamera, mdima uja ulipo. Ndinakwiya nayo kamerayo, ndinati yalowa chinyezi tsiku lomwe ikufunika kwambiri.

Mayi Gondwe, amene ndi nesi pachipatala china cha ku Lewisham, anandiyandikira. "Galasilo mwalipukuta kasanu," anatero. "Tandipatsani ndione." Atayang'anamo anati zonse zikuoneka bwino. Kenako anandiuza kuti nditseke diso lakumanzere ndi dzanja, ndiyang'ane mizere ya maluwa popanda kamera. Mdima uja unalipo. Anandifunsa ngati ndaona timadontho kapena kung'anima, ndipo ndinavomera. Nkhope yawo inasintha. "Tikangofika, lero lomwe, mupite ku chipatala cha maso. Osati Lolemba, lero."

Yankho langa ndimachita nalo manyazi mpaka pano. Ndinati, "Ndakana m'dzina la Yesu. Pakamwa panga sipavomereza matenda." Iwo anandiyang'ana nati, "Achemwali, Mulungu wakutumizirani nesi pakati pa munda wa maluwa. Mukufuna atumenso ndani?" Ndinaseka, ndinasinthira kamera ku diso lakumanzere, ndipo ndinapitiriza kujambula.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinaika zithunzi pakompyuta. Zonse zinali zoyera bwino, ngakhale zimene ndinajambula ndikuona mdima. Kamera inalibe mlandu. Ndinadziwa, komabe sindinapite. Lolemba ndi Lachiwiri ndinali ndi mashifiti, ndipo antchito tinali operewera. Mayi Gondwe anaimba foni kawiri, sindinayankhe. Ndinasala kudya, ndikupempha kuti mdimawo ubwerere kumene unachokera. Tsiku lililonse unkakwera pang'ono.

Lachitatu m'mawa ndinatsegula Baibulo monga mwa masiku onse, ndipo ndinayesa kutseka diso lakumanzere. Pakati pa tsamba panalibe chilembo ngakhale chimodzi. Apo m'pamene ndinavala n'kukakwera sitima.

Ku chipatala cha maso ndinafika cha m'ma 8 koloko. Anandilemba dzina, anandiyeza kuwerenga zilembo za pakhoma, anandidonthezera mankhwala okulitsa kamwanadiso, kenako anandiuza kuti ndidikire. Ndinadikira mpaka masana. Mankhwala aja anachititsa kuti ndisaone ngakhale foni, choncho ndinangokhala, ndikumva mayina a ena akuitanidwa. Dokotala atandiyeza anafotokoza kuti kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala komwe kamalandira kuwala. Kanga kanali katang'ambika, madzi analowa kuseri kwake, ndipo kanali kakumatuka. Anandifunsa tsiku lomwe ndinayamba kuona mdima. Nditamuuza, anaika cholembera pansi. "Mukanabwera Loweruka, pakati pa diso panali pasanamatuke," anatero. "Tichita opaleshoni, koma sindingalonjeze kuti muzidzaona ngati kale."

Anandiuza kuti ndibwere Lachisanu. Ndinafika m'mawa, ndinavala mkanjo wa kuchipatala, ndinakhala pampando. Masana nesi anabwera kudzapepesa kuti pabwera bambo wina amene pakati pa diso pake panali pasanawonongeke, ndipo ayenera kuyamba ndi iyeyo. Ine anandisunthira Lolemba. Ndinabwerera kunyumba mtima uli wowawa. Sindinakwiyire nesiyo, ngakhale bamboyo. Malo amene anapatsidwa bambo uja ndi omwe ndikanapatsidwa ine ndikanamvera mawu a m'munda muja.

Opaleshoni inachitika ndili maso, atangochititsa dzanzi disolo. Anamata kansalu kaja n'kuikamo mpweya woti ukakanikize mpaka kagwire. Anandimanga kalamba pamkono kochenjeza kuti ndisakwere ndege mpweyawo usanathe. Chovuta koposa chinali chakuti kwa masiku asanu ndi awiri ndinayenera kukhala chozolika, nkhope kuloza pansi, n'kumapumula mphindi khumi zokha pa ola lililonse. Ndagwira ntchito yotembenuza okalamba pabedi zaka zambiri, koma sindinkadziwa kuwawa kwa khosi ndi msana wa munthu amene sangasinthe kagonedwe. Ndinaloweza ulusi uliwonse wa kapeti ya m'chipinda changa. Pafoni amayi ankatumizirana zithunzi zija n'kumandiyamika, ine wozijambula ndili chafufumimba.

Mapemphero anga a sabata imeneyo sanali okoma. Ndinkafunsa kuti, Ambuye, ndakutumikirani kuyambira ndili mtsikana, ndinasala, ndinakana matendawa m'dzina lanu, nanga n'chifukwa chiyani? Mayi Gondwe ankabwera akaweruka kudzandidonthezera mankhwala ndi kundiwerengera Mawu, popeza sindinkatha kuwerenga ndekha. Sananene ngakhale kamodzi kuti ndinakuuzani. Tsiku lachinayi, nkhope ili mupilo, ndinasiya kufunsa ndipo ndinavomereza zoona. Chimene ndinkachitcha chikhulupiriro chinali mantha. Ndinkaopa kumva dzina la matendawo, ndipo ndinabisa mantha angawo kuseri kwa dzina la Ambuye. Iye anali atayankha kale, pamatope paja, kudzera pakamwa pa mchemwali wanga uja. Ndinapempha chikhululukiro kwa Mulungu, kenako kwa Mayi Gondwe. Iwo anangoti, "Zolikani bwino, mutu wakwera."

Mpweya uja unatenga milungu ingapo kuti uthe. Ndinkauona ngati mzere wa madzi ukutsika pang'onopang'ono m'disomo, mpaka unasanduka kadontho n'kuzimiririka. Ndinabwerera kuntchito mu Juni.

Lero patha chaka. Diso lakumanja limaona, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa likanatha kuzimiratu. Koma pakati pake mizere yowongoka imaoneka yokhota, ndipo zilembo zazing'ono silingawerenge. Dokotala akuti mbali imeneyo siidzabwerera. Baibulo ndinagula la zilembo zazikulu, ndipo pojambula ndimagwiritsa ntchito diso lakumanzere. Masiku ena zimandipwetekabe kuti zonsezi ndi za masiku anayi okha amene ndinazengereza.

Abale ndi alongo, maso awiri amabisirana. Lina likamadwala, linzake limaliphimbira, ndipo ine ndikanapanda kutsinzina pakamera sindikanadziwa msanga. Mukaona timadontho tambiri tobwera mwadzidzidzi, kung'anima, kapena mdima wochokera m'mbali, pitani ku chipatala cha maso tsiku lomwelo. Shifiti apeza wina. Pempherani ndithu, koma muzipemphera muli m'basi.

Chimodzi mwa zithunzi zija ndinachikulitsa n'kuchipachika pakhoma la kukhitchini. M'mawa uliwonse ndikatha kupemphera ndimaima patsogolo pake, ndimatseka diso lakumanja, n'kuyang'ana mizere ya maluwa ija ndi lakumanzere. Mpaka lero ikadali yowongoka. Tsiku limene idzakhote kapena kuda, ndidzavala nsapato nthawi yomweyo.